Bala limene amati analifuna okha

Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku Kambombo kukaona mlamu wanga, amake Tiza, amene angobwera kumene kuchokera ku Lusaka. Madokotala anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa, kenako anatenga khungu ndi mafuta a pamimba pawo n'kuumbira bere lina. Choncho ali ndi mabala awiri, la pachifuwa ndi lina lalitali m'munsi mwa mchombo.

Ndinawapeza pakhonde atapindika pampando, thukuta lili pamphumi ngakhale kunali kamphepo. Ndikayamba nthabwala ankagwira pamimba n'kundiletsa ndi dzanja. Nditafunsa za mankhwala anandilozera kachikwama. M'masiku atatu anali atamwapo mapiritsi awiri okha.

Chifukwa chake anandiuza okha. Lamlungu kunabwera amayi a kutchalitchi kudzawazonda. Anapemphera, anasiya ndi nkhuku. Koma potsanzika, mmodzi anati kuchotsa bere lodwala n'komveka, koma kudulitsanso pamimba pabwinobwino, pamsinkhu wawowo, ndi zofuna okha.

"Manje mlamu, ndidandaule bwanji?" anatero amake Tiza. "Bala la pamimbali ndinalipempha ndekha. Ndingopirira basi."

Ndinaimbira foni nesi wa pakiliniki yapafupi, mlamu akumvera. Nesiyo sanakalipe. Anafotokoza kuti pa opaleshoni yotere madokotala nthawi zambiri amabaya jekeseni yochititsa dzanzi pamimba, koma mphamvu yake siikhalitsa. Ikatha, mapiritsi ndiwo amagwira ntchito, ndipo amamwedwa pa nthawi imene dokotala analemba, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Anatinso munthu amene akumva kuwawa amaopa kupuma mokoka mpweya, amaopa kutsokomola, amaopa kuyenda. Akangokhala phee choncho, chifuwa chimatha kugwidwa matenda, magazi amatha kuundana m'miyendo. Anawalangiza kuika pilo pansi pa maondo pogona, ndi kugwiriziza pilo pamimba potsokomola. Ululu ukamakula ngakhale akumwa mankhwala, kapena bere likasintha mtundu, athamangire ku chipatala.

Ife amayi a kuno kupirira timakutama kwambiri. Wolira pobereka timamunena mpaka mwana ayambe sukulu. Ndipo ululu timaugawa pawiri: wobwera ndi tsoka, umene timaumvera chisoni, ndi umene timati munthu anadziputira.

Koma mwamuna akagwa pa njinga yamoto akuthamangira ku mpira n'kuthyoka mwendo, ndani amamuuza kuti asamwe mankhwala popeza anazifuna yekha? Timamunyamula, timamuphikira phala. Nanga mayi wofuna kuvala bulauzi yake n'kuima patsogolo pa kwaya osabisa chifuwa ndi chitenje, walakwa chiyani?

Mawu a mayi wa kutchalitchi uja sanali a nkhanza. Ndimamudziwa, ndi munthu wothandiza pamaliro ndi pamatenda. Anangolankhula zimene ambirife timaganiza. Koma iye anapita kwawo, mnzake anatsala akukukuta mano masiku atatu.

Loweruka ndinabwererako. Mlamu anali atalemba nthawi za mankhwala pachikuto cha kope n'kupachika pakhoma. Anayenda nane pang'onopang'ono, akadali owerama pang'ono, mpaka pankhokwe n'kubwerera.

Tili pomwepo panafika mayi wina wa ku Tembwe, atayenda mtunda wonsewo wapansi. Anadikira kuti achimwene anga, amuna awo a mlamu, achoke, ndiye ananena motsitsa mawu kuti ali ndi chotupa m'bere kuyambira nthawi yokolola, ndipo sanauze aliyense. Funso lake linali limodzi: kodi zimawawa kwambiri?

"Zimawawa, amama," anayankha amake Tiza. "Koma mankhwala alipo, ndipo ine ndikumwa. Lolemba mupite akakupimeni."

Mayiyo anavomera. Ndili panjinga pobwerera ndinkadzifunsa, ndipo ndikufunsani inunso: akanafika Lachiwiri, kodi akanavomera?