Ndinayamba Ine Kupuma

Mayi anga anatilera ku Ngokwe ndi bodza limodzi. Chaka cha njala akatigawira kachakudya komwe kapezeka, ankakhala pambali n'kumatokosa m'mano, tikawafunsa ankati adya kale. Ndinakula ndikudziwa kuti mayi amakhala womalizira, ndipo nditabereka mwana wanga wamkazi sindinafunike wondiphunzitsa zimenezo.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kupulaimale ku Balaka, bambo a mwanayo akugwira ntchito ku Joni. Atadwala kumeneko, uthenga unabwera woti basi ichedwa, tikwere ndege. Kanali koyamba. Mwana anali asanayambe kuyenda, ndiye ndinamukhazika pamiyendo.

Tisananyamuke, mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anaima pakati n'kutionetsa kamasiki kachikasu. Anati mpweya ukathawa, timasiki totere tigwa tokha kuchokera kudenga, ndipo wamkulu ayambe wavala yekha asanaveke mwana. Ndinaseka chamumtima. Ndinati uyu sanabereke ndithu, angandiuze chiyani ine.

Tili m'mwamba, atangotipatsa tiyi, kunamveka phokoso ngati chitseko chomenyetsedwa ndi mphepo. Makutu anandilasa. M'ndege monse munadzaza chifunga chozizira, timasiki tija tili lende pamaso pathu, ndege n'kuweramira pansi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti woyendetsa amachita dala, amathamangira kumunsi komwe kuli mpweya woti munthu n'kupuma. Panthawiyo ndinkangoti basi tikugwa.

Mtsikana uja anali pafupi ndi mzere wathu. Sanathamangire munthu aliyense. Anakoka kamasiki kapadera, navala, n'kudziponya pampando wopanda munthu pambali panga. Ine ndinali nditayamba kale kulimbana ndi mwana kuti ndimuveke. Ankalira akupukusa mutu, kalamba kakuterereka, zala zanga zikuchita ngati zobwereka. Kenako mantha anangotha. Ndinamva kaulesi kokoma, ndikuyang'ana kamasiki m'manja mwanga osakumbukanso ntchito yake.

Mtsikana uja anandimenya padzanja, ngakhale anali wamng'ono kwa ine, n'kundikanikiza kamasikiko kumaso.

"Pumani, mayi. Inuyo kaye."

Ndinapuma. Mpweyawo unkanunkha ngati chinthu chopserera, koma sindibisa, unakoma kuposa madzi a mumtsuko. Ndinaukokanso mwadyera. Maso atayera ndinaona kuti mwana wasiya kulira, mutu wagwera pamkono panga, milomo yada. Zala zinali zitabwerera. Ndinakoka kamasiki kena, ndinamuveka bwinobwino, ndikumugwedeza mpaka analiranso.

Ndege itakhazikika kumunsi, mtsikanayo ananyamula botolo la mpweya n'kumayendera anthu mmodzimmodzi. Atafika kwa ine anamugwira mwana pachipumi. Anati mayi akakomoka mwana amatsala wopanda manja, n'chifukwa chake amawaphunzitsa choncho.

Bambo a mwana anachira, ife tinabwerera pabasi. Kumudzi ndinawapeza mayi akutong'ola chimanga pamkeka, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anamutenga mdzukulu wawo n'kumuika dzanja pachifuwa. Anafunsa mopanda ukali, ngati munthu wongofuna kudziwa.

"Ndiye pamene iwe unkapumapo, mwanayu ankapuma chiyani?"

Ndinawauza za zala, za kukomoka, za zimene amaphunzitsa atsikana a m'ndege. Anagwedeza mutu, anati iyayi, unachita bwino, n'kupitiriza kutong'ola. Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Mwana uja ali kusekondale tsopano, wamtali kundiposa, ndipo njinga amaipalasa kuposa akabaza a pasiteshoni. Ndikudziwa kuti mtsikana wa m'ndege uja ndi amene ankalondola. Mwana wanga ali moyo chifukwa ndinayamba ine kupuma. Koma kudziwa sikunandichotsere funsolo. Limandipeza pamene ndikumupakulira chakudya, iye n'kufunsa ngati ndadya. Ndimatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga ankayankhira mayi anga, fungo lopserera lija n'kundibwerera m'mphuno, lokoma ngati tsiku lomwe lija.