Amene Ankagogoda M'mimba mwa Ndege

Anthu ambiri ku Croydon, kuno ku London, amawadziwa a Abednego Matewere ngati bambo ofatsa aja okankha agogo pa wilutcheya ku nyumba ya okalamba, ovala jekete ngakhale mu Julaye. Koma abale inu, bambo amenewa anakonzapo ndege. Ndege yeniyeni, osati ya mawaya! Ndiye si ndege wamba, ndi ija imatera pamtunda ndi pamadzi pomwe, kumwamba mapiko, kunsi boti.

Kwawo ndi ku Ndirande. Anakulira pamsika akukhoma zidebe, mbaula ndi makheni othirira dimba, ndipo amati chidebe chawo sichinabwererepo chifukwa chodontha. Mu 2002 akazi awo a Winfrida anapeza ntchito ya unesi kuno, bambo n'kutsatira ndi sutikesi imodzi, hamala atakulunga mu vesiti. Zidebe ku London agule ndani? Basi analowa ntchito yosamalira okalamba ngati anzawo onse.

Ndege inawapeza komweko. Panali mzungu wina wachikulire, a Cyril, amene ankabwera Lachitatu lililonse kudzaona akazi awo. Tsiku lina anawapeza a Matewere kukhitchini akuwongola ketulo yaikulu ya tiyi imene inagwa n'kupindika, akuimenya pang'onopang'ono ngati akusisita mwana. Madalawo anaima, kuyang'ana, kuyang'anabe, kenako anangofunsa ngati Loweruka amakhala ndi chochita.

Loweruka lake a Matewere anakwera tiramu, kasitima koyenda m'tauni, mpaka pothera, basi mpaka pothera, kenako wapansi kufika pa shedi yaikulu pakabwalo kena ka ndege. Atatsegula chitseko, pakamwa yasa. Chindege chake! Mimba ngati basi ziwiri, mainjini awiri pamwamba pa phiko, matayala otuluka m'nthiti. Akuti inapangidwa mu 1944, pa nkhondo inkatola anthu ogwera m'nyanja, kenako inakhala zaka makumi awiri pamvula ikungoola. Ankaikonza ndi madala pafupifupi khumi, mwaulere. Pamwamba pawo panali injiniya wamayi, a Beatrice, yekhayo amene anali ndi chilolezo chosainira kuti ntchito ili bwino.

Mimba ya ndege imagwiridwa ndi timisomali ta aluminiyamu tambirimbiri, ndipo msomali umodzi umafuna anthu awiri. Wakunja amaulowetsa pabowo n'kuumenya ndi mfuti ya mpweya. Wam'kati amatsamiritsa chitsulo cholemera kunsonga kwake kuti uphwatalale n'kugwira. Popanda wam'kati msomali umangovina pabowo, suphwatalala ngakhale muumenye mpaka mawa. Awiriwa saonana, phokoso lake simungamvanenso, ndiye amalankhula pogogoda. Kamodzi, menyanso. Kawiri, wakhala bwino, pita kwina. Katatu, waipa, uchotse. Lamulo lake limodzi basi: wakunja satsutsa wam'kati, chifukwa amene akuona mmene msomali wakhalira ndi iyeyo.

A Cyril anali ochepa thupi, ndiye m'kati ankalowa ndi iwo. Makutu awo anafa kalekale ndi ntchito yomweyi. Ankafika m'mamawa, a Matewere akamabwera amakhala alowa kale pansi penipeni pa mimba. Izi poyamba zinkawavuta a Matewere. Munthu wamkulu ungayambe naye ntchito osam'patsa moni? Nanga kum'patsa moni mokuwa ngati ukuitana mbuzi? Ndiye anapeza njira yawo: ankagogoda pamimba pa ndege ngati odi wa pakhomo, madala n'kuyankha kuchokera m'kati, ntchito n'kuyamba. Masiku ena ankaonana nkhope pa tiyi pokha. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Pofika Juni 2006 unatsala mzere umodzi wa misomali, wa pansi penipeni, pamene ndege imayambira kumenya madzi ikamatera. A Beatrice anali atanena mosapsatira kuti mzere umenewu ukangomasuka, madzi amalowa musanamalize kufuula, ndipo paulendo woyamba mudzakhala anthu asanu ndi mmodzi. Misomali yotsala inali makumi atatu, yonse ya a Matewere ndi a Cyril.

Loweruka lomalizitsa mzerewo foni ya a Matewere inali chizimire kuyambira Lachisanu, chifukwa mwana wawo Effie anapita ndi tchaja kwa anzake. Anafika cha m'ma teni, dzuwa likuswa mtengo, n'kutsegula kachitseko ka m'mbali mwa shedi ndi kiyi wawo. M'shedi muli zii. Wailesi yosayatsa, ketulo yozizira. Anangoti anzawo achedwa ndi mpira wa World Cup wa dzulo lake. Anavala ovolosi, n'kugona chagada pansi pa ndege, n'kugogoda odi wawo uja.

M'kati munayankha.

Analowetsa msomali woyamba, ndipo anaumva ukukankha chala chawo pang'ono kuchokera m'kati, mmene a Cyril ankasonyezera kuti chitsulo chafika. Anamenya. Go, go. Wachiwiri, go, go. Ntchito inkayenda, eee, kuposa masiku onse! Kungoti pansi pamenepo pankazizira modabwitsa, mpaka zala kuuma, kunja anthu akuyenda ndi makabudula. Ndipo pankamveka fungo la madzi amchere, pa ndege imene sinakhudze nyanja chiyambire iwo asanakwatire. Kugogodako kunkabweranso mochedwa pang'ono, ngati munthu akuchita kuchokera patali kuti adzayankhe. A Matewere anangoti madala atopa, ukalamba.

Makumi awiri ndi isanu ndi inayi inadutsa bwinobwino. Pa womaliza, go, go, go.

Anauyang'ana. Kunja unali wosalala ngati anzake onse. Anagogoda kamodzi kufunsa, yankho n'kubwera lomwelo, katatu, mwamphamvu mpaka fumbi kuwagwera m'maso. Chabwino. Anauzunguliza ndi choko, n'kupita kukatereka tiyi. Anathira makapu awiri, ya madala mashuga atatu, n'kubwerera kukagogoda kuti atuluke. Zii. Anagogodanso. Zii.

Ndi pamene a Beatrice analowa, makiyi a galimoto m'manja, maso ofiira. Anadabwa kuwapeza, n'kufunsa ngati sanalandire uthenga. A Cyril anagwa m'dimba mwawo Lachinayi madzulo, ndipo anamwalira kuchipatala Lachisanu m'mawa. Onse anauzidwa kuti lero kulibe ntchito.

A Matewere anaika makapu pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho.

"Ayi mayi, ali m'katimu. Tamaliza nawo mzere."

Anazungulira onse awiri kuseri kwa ndege. Makwerero anali chigonere kukhoma, chitseko cha ndege chokhoma ndi loko wake. A Beatrice anatsegula, n'kutsogola ndi tochi, kukwawa mpaka pansi. Munalibe munthu. Chitsulo cha a Cyril chinali pambali pa mzere, chozizira ngati chochokera mu firiji. Ndipo misomali yonse makumi atatu inali itaphwatalala mokongola, yofanana ngati mabatani a shati.

A Beatrice anaiyeza umodziumodzi ndi kachitsulo koyezera. Yonse inakwana, wa choko uja womwe. Atatuluka anati sakufuna kudziwa chilichonse, ntchito ili bwino, asaina, aliyense azipita kwawo.

Kunyumba nkhani inavuta. A Winfrida atamva anazimitsa wailesi ya nyimbo za kwaya n'kunena kuti kushediko asadzapondekonso, ndipo ovolosi imeneyo isalowe mu makina ochapira pamodzi ndi mayunifomu awo.

"Bambo a Effie, anzanu akabwera ku London amapeza ovataimu. Inu mwapeza mzukwa, waulerenso."

A Matewere sanaseke. Anati mzukwa kaya si mzukwa, zaka ziwiri madala aja sanagogodepo katatu pachabe. Ngati iwo anamva katatu n'kukhala chete, ndiye tsiku loteralo anthu asanu ndi mmodzi adzakhala atatsamira pa bodza lawo. A Winfrida anapita kukawatengera Baibulo laling'ono la m'thumba, n'kuwaikira mu jekete.

Lolemba a Matewere anasinthana shifiti ndi mnzawo n'kukawapeza a Beatrice ku shedi. Mayiwo anakana. Anati kuchotsa msomali wabwino n'kukulitsa bowo pachabe, iwo ayeza kawiri, ndipo sangalembe m'buku kuti anaboola ndege chifukwa cha phokoso. A Matewere si munthu wokangana, kuntchito ngakhale gogo awaponyere phala amangoti pepani. Koma apa anaima nji, chipewa m'manja.

"Mayi, ine ndine wakunja. Wam'kati wanena."

A Beatrice anapumira m'mwamba, n'kuwapatsa chiboolero.

Msomali utachoka, mayiwo analowa ndi tochi ndi galasi lokulitsa zinthu. Anakhalamo nthawi yaitali moti a Matewere anayamba kuopa kuti nawonso satuluka. Atatuluka nkhope inali itayera mbuu. Pansi pa pamene panali mutu wa msomali, nthiti ya ndege, chitsulo cholimbitsa mimba, inali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, woyambira pabowo n'kulowa kunsi kwa chitsulo china, pamalo oti ndi msomali uli pomwepo palibe diso likanauona. Kutera kuwiri kapena kutatu pamadzi, ukanatseguka.

Kudula nthiti ndi kupanga chigamba kunatenga masabata awiri, maliro a a Cyril n'kuchitika pakati pomwepo. A Matewere anapita atavala suti yawo ya kutchalitchi, n'kudabwa kuti mwambo wonse unatha m'mphindi makumi atatu, anthu n'kupita kukadya masangweji. Tsiku lokhoma chigamba madala onse anapeza zifukwa, wina msana, wina bondo, ndiye m'kati analowa a Beatrice okha. Misomali khumi ndi iwiri. Uliwonse go, go, bwinobwino, a Matewere n'kumapita kwina.

Mayiwo atatuluka anawafunsa mokwiya pang'ono chifukwa chake amathamanga choncho osadikira kuti awauze. Mayiwo anati manja awo onse awiri anali pachitsulo, cholemera ngati chimenecho, akanagogoda ndi chiyani? Sanagogode ngakhale kamodzi. A Matewere anaika mfuti ya mpweya pansi. Anangoyang'anana, aliyense n'kupita kukasamba m'manja.

Ndiye kuyesa kwake, imvani izi: boti limeneli saliika m'madzi ayi, madzi ndi amene amawaika m'boti! Anakoka paipi n'kuthira m'mimba mwa ndege mpaka mzere wonse wa pansi unamira. A Matewere anagona chagada kunsi kwake, madzi onsewo ali pamwamba pa nkhope yawo, akudutsitsa pepala louma pa msomali uliwonse. Ola lathunthu. Madala ataunjikana, wina osatsokomola n'komwe. Pepala linatuluka louma gwa.

A Beatrice anatenga buku la ntchito n'kusaina mzere wonse. Pa dzina la womenya analemba Matewere. Pa dzina la wogwira chitsulo anaima, cholembera chili m'mwamba, mpaka mmodzi wa madala anafunsa ngati inki yatha. Kenako analemba dzina la a Cyril, ndi deti la Loweruka lija.