Tsiku Limene Ndinasanduka Chingwe Choyanikira

Azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, sankagwirizana ndi makina oumitsira zovala. Ku South Bend kumene ankakhala, ankayanika panja ngakhale m'nyengo ya chisanu, moti tikapita kukacheza tinkapeza mathalauza awo a kuntchito atauma gwaa ngati mlamba wowamba. Ine ndi mchimwene wanga wamng'ono tinkawachotsa pachingwe n'kuwaimika pakhomo kuti aziopseza alendo. Ukawafunsa chimene makinawo anawalakwira, ankakutengera kukasefa ka m'makinamo kamene kamatsala ndi thonje.

"Ukuona ichi? Ndi malaya ako amenewa. Makina akudya pang'onopang'ono iwe uli duu."

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, amayi anamaliza maphunziro aunamwino. Anali ataphunzira zaka zambiri uku akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kunyumba kwathu ku Beech Grove tinkawaona kwambiri ali m'tulo. Azakhali ndi amene anabwera ndi nzeru.

"Alamu, mwavutika mokwana. Tiyeni tikakwere sitima yapamadzi, nafenso ena atiphikireko."

Abambo anatsala chifukwa cha ntchito. Anayife tinapanikizana m'galimoto ya azakhali mpaka ku Florida, iwo akudiraiva, ife tikukangana kumbuyo.

Musutikesi ya amayi munali diresi limodzi limene sitinkaloledwa kulikhudza. Agogo, amayi awo, asanamwalire anatumiza chitenje chabuluu cha maluwa achikasu, ndi mawu akuti adzavale akadzamaliza sukulu. Telala wa ku Lafayette Road anachedwa nacho, tsiku lolandira satifiketi linadutsa diresi lisanasokedwe. Ndiye amayi atamva kuti m'sitima mumakhala tsiku limodzi loti aliyense atchene, wojambula n'kumajambula mabanja nthawi ya sikisi madzulo, anati tsiku lake ndi limenelo. Chithunzicho chinali choti chipite kwa abale awo ku Zomba, akaone kuti mawu a agogo sanagwe pansi.

Pachipata cholowera m'sitima anaunika masutikesi n'kupeza simbi ya azakhali. Anailanda, amvekere simbi imayambitsa moto. Chingwe ndi mapegi anawasiyira, mwina sanadziwe kuti n'zantchito yanji. Chipinda chathu chinalibe zenera. Mabedi awiri anali pansi, ena awiri otsika kukhoma, ndipo pofika tsiku lachiwiri chingwe chinali chitadutsa pakati pathu kuchokera kuchitseko cha bafa mpaka kukabati. Zamkati ankaziyanika n'kuphimba ndi chitenje pamwamba, monga amachitira kwathu, ndiye sizinkauma. Chipinda chonse chinkanunkha sopo ndi chinyontho.

Tsiku lotchena lija azakhali anandidzutsa m'mamawa kuti ndichape masokosi anga pamanja musinki. Patchuthi, m'sitima, munthu n'kumachapa masokosi. Ndinachapa, koma ndinasunga kukhosi.

Pamwamba pa sitimayo panali malo oseweretsa ana madzi, ndipo pamenepo panali chindowa chachikulu chopachikidwa m'mwamba. Chinkadzaza pang'onopang'ono, kabelu n'kulira, kenako n'kukhuthula madzi onse kamodzi. Ndinali nditachiphunzira bwino. Titadya masana, amayi anavala diresi lija kuti aliyese, nati tikajambulitseko padzuwa nyanja ikuoneka kumbuyo. Ana ambiri anali atapita kukadya, malo aja ali zii.

"Azakhali, imani apa," ndinatero, ndikuloza pansi pa chindowa chija. " Nyanja ikuoneka bwino kwambiri."

"Nanga pansi panyowa bwanji?"

"Akolopa kumene."

Anaima. Anakonza duku, natukula chibwano. Kenako anachita chinthu chimene sindinachiganizire.

"Alamu, wovala diresi ndinu. Bwerani muime apa, ine n'jambulitsa pambuyo."

Ndisaname, nthawi yolankhula ndinali nayo. Amayi anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha nsapato zazitali, anaima, anasalaza diresi m'chiuno. Kabelu kanalira. Ine ndinakweza foni n'kujambula.

Madzi atatha, amayi anangoima pomwepo, duku litagwera paphewa. Mchimwene wanga anali atagwa pansi ndi phwete, nane misozi ili chuchuchu. Amayi sanakalipe. Anayang'ana timadzi tabuluu timene tinkatsika m'miyendo mwawo, nati chapansipansi, "Nsalu ya amayi anga." Apo ndinaleka kuseka. Nthawi inali itangodutsa thuu koloko.

M'chipinda muja amayi anavula diresi n'kukhala pabedi atadzifunditsa thawulo. Mchimwene wanga, amene anabadwira konkuno ndipo Chichewa amangomva, ananena m'Chingerezi kuti kunsi kuli makina oumitsira.

"Kuti litulukemo lokwana chidole?" anatero azakhali. "Khala chete iwe. Ndipo iwe mwini ntchito, vula nsapato."

Anayala diresi pathawulo, nalikulunga ngati mkeka, n'kundiuza kuti ndiziponda. Ndinaponda. Thawulo litanyowa anasintha lina, mpaka mathawulo onse a m'chipindamo anatha. Poti malo anali ochepa, ndinkaponda mutu uli m'masokosi anga omwe aja. Azakhali anayamba kuimba nyimbo ya paukwati kuti mapazi aziyendera limodzi, ndipo ine ndinadula m'chiuno pang'ono kuti ndione ngati amayi angamwetulire. Sanatero. Tinayesa choumitsira tsitsi cha kubafa, chinalira kanthawi, chinatentha, n'kuzima chokha.

"Muno simuuma kanthu," anatero azakhali. "Nsalu imafuna dzuwa ndi mphepo."

Tinakwera pamwamba penipeni, kumene mphepo inkakankha munthu. Azakhali atangoyamba kumanga chingwe kuchitsulo, mayi wina wogwira ntchito m'sitimamo anafika n'kuwauza mwaulemu kuti kuyanika zovala pamenepo n'koletsedwa. Azakhali anamasula chingwe chawo mosatsutsa. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Koma lamulo loletsa mwana kuimirira palibe, eti?"

Umu ndi mmene ndinasandukira chingwe. Ndinagwira diresi m'mapewa, manja m'mwamba, mphepo ikulikupiza ngati mbendera. Mikono ikayamba kutsika, azakhali, amene anali atakhala pampando wogonera akumwa juwisi, ankangoti, "Chingwe chikulendewera," ine n'kukweza.

Anthu odutsa anayamba kufunsa. Poyamba ndinkangoti lanyowa. Koma munthu ukaima nthawi yaitali mutu umayamba kugwira ntchito. Mayi wina wachizungu atafunsa, ndinamuuza kuti ndi mwambo wa kwathu: munthu akamaliza sukulu, chovala chake chimaonetsedwa kunyanja, ndipo aliyense wodutsa amawerama n'kuwomba m'manja katatu. Mayiyo anawerama. Anawomba. Anakaitana anzake.

Azakhali Chingerezi amachimva bwino lomwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bodza lakoli lidzakufikitsa kutali, mwana wa achimwene."

Sananditsutse. M'malo mwake anadzuka n'kuyamba kuwongolera anthu kuti asamawombe ngati ali kumpira, azifumbata manja monga timachitira polemekeza akuluakulu. Bambo wina wokalamba, amene anali ndi mkazi wake, anavula chipewa, nawerama mpaka mawondo kulira. Nditacheuka ndinaona amayi ataima chapatali pafupi ndi masitepe, atavala zakuntchito zakale zimene anatenga zogonera. Ankayang'ana mkulu uja akuweramira nsalu ya agogo, dzanja lili pakamwa. Kaya ankaseka kaya ankalira, mpaka lero sanandiuze.

Cha m'ma faifi diresi linali litauma, koma lili makwinya okhaokha, simbi ili kwa eni sitima. Azakhali anandituma kumalo odyera kuti ndikatenge tiyipoti yachitsulo yodzaza madzi owira. Anayala diresi pabedi n'kuyamba kusita ndi kunsi kwa tiyipotiyo, pang'onopang'ono, kuyambira kukolala.

"Kusukulu yogonera komweko tinkatere," anatero. "Kapu yachitsulo, madzi a kukhitchini. Mukukumbuka, alamu?"

"Ife tinkaika pansi pa matiresi," anayankha amayi. Aka kanali koyamba kuti ayankhule chiyambire masana.

Madzi akazizira ndinkathamanga kukatenga ena. Ndinapita katatu, ndipo ulendo wachitatu mkulu wa kumalo odyera anandifunsa ngati banja lathu limamwa tiyi chotere masiku onse. Ndinati inde, ndi mwambo.

Sikisi itatsala pang'ono amayi anavala. Maluwa achikasu anali atatengako kabuluu m'mphepete, ndipo m'chiuno, mmene nsalu inapindidwa kangapo, munali mukadali monyowa.

"Ngati ndakhala pamwala wa kumtsinje," anatero, koma sanavule.

Tinaima pamzere wa wojambula. Nthawi yathu itakwana, amayi anaima pakati, nkhope ili yowuma monga amaimira pazithunzi zonse za kwathu. Wojambula akukonza kamera, bambo wokalamba uja anatulukira ndi mkazi wake, atavala suti. Analizindikira diresi. Anaima, anawerama, nawomba m'manja katatu, manja atafumbata bwinobwino monga anamuphunzitsira azakhali. Amayi anaphulika ndi kuseka, mutu kumbuyo, mano onse panja, ndipo wojambula anajambula pomwepo.

Chithunzicho chinapita ku Zomba. China chili pakhoma ku Beech Grove, ndipo m'nyumba monse ndi chokhacho chimene amayi akuseka. Titabwerako anandilanda foni mwezi wathunthu, koma ndinawaona akudzitumizira kaye chithunzi cha chindowa chija. Nthawi zina amandikumbutsa kuti sindinapepesebe. Ndimawalozera pakhoma.

Azakhali anabwerera kumudzi patapita zaka ziwiri. M'nyumba ya ku South Bend muli anthu ena, ndipo tinadutsako tsiku lina, kuseri kulibe chovala n'chimodzi chomwe. Chingwe chawo anatisiyira, chili m'chipinda chapansi pafupi ndi makina amene ankadana nawo, ndipo diresi labuluu likachapidwa limayanikidwa pamenepo. Akaimba foni Lamlungu, amalonjerana ndi abambo, amacheza ndi amayi, kenako ndimamva akufunsa, "Nanga chingwe changa chilipo? Tampatseni ndimve ngati chikulendewera."