Baba pamvula ya ku Kepi

Chaka chimene Shire anadya munda wathu wa mapira kachiwiri, ndinawauza Baba kuti ine basi, ndikupita ku Kepi. Msuweni wanga Zuze anali atandipezera ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ya azungu. Mwamuna wanga anali atathawa kale, mayi kunalibe, choncho mwana wanga Chanza ndinamusiya m'manja mwa Baba ndi azakhali ku Ndamera, akadali wosayamba sukulu.

Ku Kepi ndalama imaoneka, sindinama. Malata ali panyumba ya Baba anachokera m'manja angawa. Koma likafika Lamlungu chipinda chimangoti zii, m'bale wako n'kukhala foni. Tsiku lina Chanza ananditumizira mawu pafoni ya azakhali, akunditchula kuti "Anti a ku Kepi". Ndinalira uku ndikusita malaya a eni ake. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza zomutenga mwana wanga kuti adzaphunzire pafupi ndi ine.

Baba anakana. "Nkhabe. Mwana sapita kumene ine sindinapondeko."

Ndinati chabwino, bwerani mudzapondeko. Pasipoti, basi ya ku Joni, ina ya ku Kepi, zonse ndinakonza ine. Mabwana anandipatsa tchuthi mu Juni. Tinapangana ndi Zuze ndi mkazi wake, komanso mnzanga Esinati wa ku Chikwawa, kuti tiwayendetse Baba wapansi monga amachitira azungu, akaone nyanja ndi phiri, mtima ufewe. Koma Juni wa ku Kepi si wakwathu wouma gwa uja. Mvula inayamba tsiku limene Baba anatsika basi, ndipo mvula ikakuona litsiro sikata.

Tsiku loyamba Baba anavala jekete lawo la kutchalitchi. La pulasitiki limene ndinawagulira anakana, ati akuoneka ngati thumba la feteleza. Tikuyenda m'mbali mwa nyanja, mphepo ikutimenya kumaso, anandifunsa, "Malita, tikukaona ndani?"

"Palibe, Baba. Tikungoyenda."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Zuze. Tinawaonetsa mbalame zija zoyenda choimirira ngati anthu. Anafunsa ngati zimauluka, tinati ayi. Anafunsa ngati zimadyedwa, tinati ayi. Anagwedeza mutu n'kutembenukira kumsewu.

Tsiku lotsatira anasiya kudya. Tiyi anangomunyambita. Tinawatengera m'tauni kukaona nyumba zakale zopaka utoto wamitundumitundu, iwo maso ali pansi, nsapato zikulira madzi. Esinati ndi wakwaya, ndiye anati ayambitse nyimbo ya kutchalitchi kuti tiiwale kuzizira. Baba anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, mvula ikuwagwa padazi. Abale inu, mtima unandiwawa. Munthu ndamuchotsa kutali, tchuthi changa chonse ndapereka, iye nkhope ngati ndamubera mbuzi. Mkazi wa Zuze anayamba chimfine, Zuze anayamba kundinena kuti nzeru zimenezi n'zanga ndekha.

Lomaliza linali la phiri. Tinakwera m'kanjira koterera, Esinati anagwa chagada, buledi yense amene tinanyamula ananyowa. Titafika poonera mzinda, kunali nkhungu yokhayokha, ngakhale Zuze amene anali patsogolo panga sindinkamuona bwino. Baba anakhala pamwala wonyowa, n'kuika chipewa pabondo.

"Malita, mwandiyendetsa mokwanira," anatero. "Ndine munthu wamkulu, ndipirira. Wamwalira ndani? Ndi Chanza?"

Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Abale amabwera, amakutenga, amayenda nawe akukamba zina, ukatopa amakukhazika pansi n'kukuuza. Ndipo munthu wamutu wake sayenda pamvula ngati kulibe matenda kapena maliro. Ine zonsezi ndinkazidziwa, koma sizinandibwerere m'mutu. Masiku onsewo Baba ankayenda pambuyo pathu akulira mdzukulu wawo chamumtima.

Ndinaimbira azakhali pomwepo, Chanza anabwera pafoni akutafuna nzimbe. Baba anamvetsera mpaka misozi. Atabweza foni ndiye anapsa mtima.

"Ndiye tavumbwa chabe?"

Zuze anaseka mpaka kutsamira mwala. Ine sindinaseke. Potsika ndinawafunsa za mwana, popeza dziko analipondamo tsopano.

"Nkhabe," anatero Baba. "Kuno anthu amayenda pamvula popanda chifukwa. Tsiku limene udzafe iwe kuno, mwanayu adzamuyendetsa ndani? Adzamva pafoni ali yekha m'kachipinda kaja."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zachikale, kuti sukulu ya mwana siingaime chifukwa cha maliro amene sanachitike. Tinafika kokwerera basi tisakulankhulana bwino. Pambuyo pake ndalama ndinkatumizabe, koma pafoni tinkangopatsana moni.

Patapita zaka ziwiri, nthawi ya dzinja, azakhali anaimba kuti Baba akudwala pang'ono, akundifuna. Ndinagula chikwama cha sukulu chapinki, ndinati ulendo uno afune asafune mwana ndibwerera naye. Ndinatsika minibasi kwathu mvula ikugwa. Pasiteji ndinapeza azakhali, amayi awiri a kutchalitchi kwathu, ndi Chanza atatalika mpaka paphewa langa. Ndinakodola wakabaza, azakhali anamubweza.

"Tiyende wapansi, mwananga," anatero. "Tidzere kumunda, ukaone mapira a chaka chino."

Ndinayamba kudandaula za matope ndi nsapato zanga, kuti anthu inu simusintha. Azakhali anayamba kukamba za mbuzi imene inabereka ana atatu. Mayi wina anatuluka m'nyumba yake wopanda ambulera n'kutilondola, kenako wina, kenako mkulu wampingo. Ndinasiya kulankhula. Chanza anandilanda chikwama, n'kundigwira dzanja. Tinayenda choncho, madzi akuyenderera m'khosi, mpaka pamtengo wa bwemba kuseri kwa mudzi, pamene azakhali anamasula chitenje chawo, kuchiyala pansi, n'kundiuza kuti ndikhale. Anandiuza za Baba anthu atandizungulira, wina atandigwira msana.

Maliro atatha, azakhali anandiitanira kukhonde. "Wokuletsa palibenso. Mwana ndi wako, mutenge."

Ndinayang'ana Chanza akutsuka mbale ndi amayi aja amene anavumbwa chifukwa cha ine. Ku Kepi ndinali ndi Zuze ndi Esinati, koma onse amalowa ntchito m'mamawa. Ndinawakwiyira Baba kachiwiri, chifukwa tsopano panalibe wokangana naye.

Chanza akuphunzira konkuno ku Ndamera, ine ndikugulitsa nsomba zouma pamsika wa ku boma, madzulo ndimabwerera kunyumba. Chikwama chapinki chija amapita nacho kusukulu, ndipo amanditchula kuti Mayi.