Tinkhono ta pa Mizati ya Doko

Chaka changa choyamba kunja kuno, m'tauni ya Hyattsville, ndinapeza ntchito yopala mizati ya doko lina ku Chesapeake, kumene madzi a mitsinje amasakanikirana ndi a mchere. Pamizatipo pamamera tinkhono tolimba, takuthwa ngati lezala. Nthawi yozizira timakhala tochepa, koma madzi akafunda timaswana mpaka chitsulo osaonekanso.

Tsiku lina kukutentha kwambiri, golovesi langa linang'ambika, ndipo kankhono kamodzi kanandicheka chala. Kabalako kanali kakang'ono zedi. Kwathu bala lotere umangoyamwa magazi, kumangapo kansanza, n'kubwerera pantchito. Ndinachita zomwezo, kuopa kuoneka waulesi.

Pankhomaliro akapitawo athu, mayi wakonkuno wosakonda zolankhulalankhula, anaona kansanzako n'kundiuza kuti ndimasule. Nkhope yawo inasintha. Anatenga cholembera n'kujambula mzere kuzungulira pomwe panafiira.

"M'madzi ofundawa mumakhala tizilombo todya mnofu," anatero. "Kufiiraku kukadumpha mzerewu, thamangirani kuchipatala. Musadikire mawa."

Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu ngati ine, kundilembalemba pathupi ngati mwana wa kumkaka? Koma ndikuyendetsa galimoto pobwerera, chala chija chinayamba kugunda ngati muli mtima. Pamaloboti aliwonse ndinkachiyang'ana. Pofika m'tauni ya Upper Marlboro kufiira kunali kutadutsa kale mzere, kukukwera dzanja, ine ndikunjenjemera ngati wa malungo kunja kukutentha chonchija. Ndinakhotera kuchipatala ndikupemphera mokweza.

Adokotala anati ndikanagona nacho akanadula mkono wonse. Anadula chala chokha.