Kuseri kwa Chiguduli

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba ndili ndi imvi kale. Thonje litandikana ku Chiparamba, mlamu wanga anandipereka kwa a Tembo, ogulitsa mankhwala azitsamba pamsika ku Chipata. Anandiyang'ana manja nati, "Kusinja mutha. Nanga kutseka pakamwa?" Ndinati inde. Ndinayamba tsiku lomwelo.

Ndinkasinja makungwa mumtondo, kusefa, kuthira m'mabotolo. Kumbuyo kwa benchi kunapachikidwa chiguduli, ndipo odwala ankalankhulira kuseri kwake. Ambiri ankabwera ndi matuza a kumalo obisika, aja amaphulika n'kusiya tizilonda towawa. Pa amenewa a Tembo sankanama. "Sachoka m'thupi. Amagona, n'kudzuka munthu akatopa kapena akadwala."

Tinkawauza kuti awiritse madzi, athiremo mchere pang'ono, akazizira atsuke mosakhula, aumitse ndi kansalu kawokawo. Zovala zikhale za thonje, zosathina. Osakanda, osatemera mphini. Kumphasa ayi, mpaka zitapoleratu. Mapiritsi ofupikitsa ululu akatenge kuchipatala.

Tsiku lina a Tembo ali kumaliro, kunafika a Banda, oyendetsa minibasi, akukoka mkazi wawo, yemwe anali ndi pakati. Mayiyo anali atasenza kale mtolo wa zovala.

"Madala, muuzeni uyu! Ndinachira chaka chatha, lero zabweranso. Wazitenga kuti? Lero lomwe akubwerera kwa amake!" anakuwa a Banda.

Amayi ogulitsa tomato pafupi nafe anasiya malonda n'kutchera khutu.

A Banda ndinkawadziwa. Nditangoyamba ntchito ankabwera ndi matuza omwewo, asanapereke n'komwe malowolo. Mawu amodzi pagulu akanamuyeretsa mayiyo. Koma ine ndinalembedwa ntchito yotseka pakamwa.

Ndinakweza chiguduli. "Lowani, bambo."

"Nenani pompano!"

"Pano timagulitsa. Umo timalankhula."

Analowa. Ndinawafunsa kuti, "Za madzi amchere tinakuphunzitsani liti? Mayiyu munali mutamuona?"

"Koma ndinapola."

"Linapola ndi khungu. Matendawo mwayenda nawo nokha, ngati chiwongolero."

Kenaka anapempha muzu wochotseratu.

"Kulibe. Amene akugulitseni akuberani. Tengani mkaziyu mupite naye kuchipatala lero, mukawauze anamwino zonse. Matuza amenewa akam'peza mayi pobereka, angaphe khanda."

Atatuluka sanayang'ane munthu. Anatula mtolo pamutu pa mkazi wawo, nauika paphewa pawo. Mayiyo ananditembenukira kamodzi, nawomba m'manja pang'ono.

"Mwawauza chiyani, a Madala?" anafunsa amayi a tomato.

"Tomato wanu akuola," ndinayankha.

A Tembo anamwalira, benchi ndi yanga tsopano. Mwana wa a Banda uja amapita kusukulu, amadutsa pano osandidziwa. Mtondo ndasintha, sefa ndasintha. Chiguduli n'chomwecho. Pagulu sindiulula munthu, koma kuseri kwake sindimunamiza.