Phazi la Njiri pa Khadi la Khirisimasi

Chibwerereni kuno ku Lilongwe, aliyense akamva kuti ndinakulira ku Birmingham amafuna ndimuuze za sinowo ndi za mpira. Zimenezo zimanditopetsa. Ndikafuna kufotokoza za mzinda uja ndimayamba ndi a Dyson Kanyenda, mkulu amene ankakhala khomo loyang'anizana ndi lathu m'mafulati a khansolo ku Nechells.

A Dyson anafika mu 2002 atayitanidwa ndi mwana wawo Mildred, namwino pachipatala chachikulu cha ku Bordesley Green. Akazi awo anali atamwalira, ndipo Mildred ankasowa womuyang'anira ana akakhala pa shifiti. Ntchito yawo inali imeneyo basi: m'mawa kuperekeza Brandon kusukulu, ndipo Tiffany atabadwa, masana kumukankha pa pulamu mpaka kupaki. Anali munthu wamfupi, wowonda, woyenda maso ali pansi ngati wataya singano. Kutchalitchi ankati ndi kudzichepetsa. Sikunali kudzichepetsa ayi, ankawerenga pansi. Kukagwa kasinowo pang'ono ankatha kukuuza kuti wapositi wadutsa kale, kuti lero wabwera wina osati wa masiku onse uja, komanso kuti bondo lakumanzere likumuvuta.

Kwawo kunali ku Kasungu, koma unyamata wawo wonse anauthera kutsidya, ku Malambo m'chigwa cha Luangwa, akulondola nyama pa kampani ina yotengera azungu olemera kokasaka njati ndi njovu. Pamsasa pawo panali amuna asanu ndi awiri. Mmodzi anali mzungu, Henry, amene anafika kuchokera ku England ndevu zisanamere bwino. A Dyson ndiwo anamuphunzitsa kusiyanitsa phazi la dzulo ndi la m'mawa uno.

Aliyense pamsasapo anali ndi nyama yake. Akabalalikana m'tchire, munthu ankajambula phazi la nyamayo padothi pamphambano, kuti anzake adziwe kuti wadutsa ndipo akadali moyo. Kukuwa kunali koletsedwa, chifukwa njati yovulala imamva mawu n'kukubisalira. Malamulo analipo awiri. Mnzako akasowa sumukuwira, umamulondola. Ndipo chimene chalowa m'chitsamba suchilowerera, umakhala pansi n'kudikira chituluke chokha. Nyama ya a Dyson inali njati. Henry anapatsidwa njiri, poti tsiku lake loyamba anaphonya njati itaima poyera, n'kuliyatsa liwiro ngati njiri yoimika mchira. Dzina loti Chiphonya silinamuchokenso.

Kampaniyo itatha, mwambowo unasamukira pa makhadi a Khirisimasi. M'katimo sankalembamo mafuno abwino kapena vesi. Ankangojambula phazi n'kulemba chaka. Poyamba a Dyson ankalandira makhadi asanu ndi limodzi. Phineas, wa phazi la ntchefu, atamwalira ku Chipata mu 2004, kunatsala limodzi lokha, la njiri.

Chinsinsi cha a Dyson chinaululika mu Disembala 2007, Lamlungu, titatuluka m'mapemphero muholo ija tinkabwereka ku Sparkhill. Anthu akumwa tiyi ndi mandasi, panabwera Liness, mayi wina amene ankapita kumudzi chaka ndi chaka nthawi ya Khirisimasi. Anali ndi envulopu m'manja, ndipo Liness sadziwa kunong'ona.

"Agogo, ulendo walephereka, mapepala sanatuluke. Nayi envulopu yanu ija. Koma inu, Stourbridge si pompa apa? Ingoponyani pa positi ya pakona paja, mawa yafika."

Mildred anailandira bambo ake asanatambasule dzanja. Anawerenga adiresi kawiri.

"Adadi, Stourbridge yake iti?"

"Tikakamba kunyumba, mama."

Zimene anakambirana kukhitchini anandiuza ndi Mildred mwiniwake. Kwa zaka zisanu a Dyson ankapatsa Liness khadi lawo lopita kwa Henry kuti apite nalo ku Malawi, akamate sitampa ya kumudzi, aliponye ku Kasungu. Khadi linkakwera ndege kawiri kuti likafike kwa munthu wokhala ku Stourbridge, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto. Nalo la Henry linkapita kubokosi la positi la ku Kasungu, mphwawo wa a Dyson n'kulisunga, Liness n'kubwera nalo mu Januwale.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Mildred.

A Dyson anayang'ana m'kapu mwawo. "Henry amandidziwa ndili kutsogolo, iye ali pambuyo ndi mfuti. Azungu a ndege zawozawo ankaima chilili kudikira ine ndikweze dzanja. Ndiye lero andione ndikukankha pulamu, ndikugona m'kachipinda limodzi ndi huva, makina osesera m'nyumba aja?"

"Kani ana angawa ndi chamanyazi?"

"Ayi mama, sindinatero."

"Mwatero."

Kenako a Dyson ananena chimene chinkawasowetsa tulo.

"Chaka chino khadi lake silinafike. Amatumiza mu Okutobala, Novembala asanathe limakhala lili m'bokosi. Mphwanga wapitako katatu, mulibe. Henry ankaphonya njati, koma Khirisimasi sanaphonyepo."

Mildred mtima unatsika. "Tifufuze nambala, tiwaimbire."

"Sitikuwa."

"Adadi, kuno ndi ku England. Kulibe njati kuno."

"Sitikuwa, mama. Ukapeza ofu undiperekeze."

Ofu inapezeka Lachitatu. Ana anawasiya kwathu, iwo n'kunyamuka m'mawa kuli nkhungu. A Dyson anavala suti ya kutchalitchi ndi chipewa.

Nyumba ya Henry inali yaing'ono, ya njerwa zofiira, kumapeto kwa kamsewu. Makatani anali otseka, ndipo pageti panali chikwangwani choti nyumbayo ikugulitsidwa. Mildred, amene ntchito yake yamuonetsa zambiri, anadziwa chimene chikwangwani chotere chimatanthauza nthawi zambiri. Sanazimitse n'komwe injini.

"Adadi, tiyeni tizibwerera. Ndikafufuza bwinobwino kunyumba."

Koma mkulu uja anali atatsika kale. Anatsegula geti, nanyonyomala pakanjira kolowera kukhomo, suti ikukhudza ndere zonyowa. Anayenda chonyonyomala mpaka pakhonde, nabwerera, napita pakapinga, nagwira dothi.

"Bwera uone," anatero. "Mizere iwiri iyi, yopyapyala, ndi ya njinga ya odwala. Yalowa kwambiri, munali munthu wolemera. Anatuluka atakhala, osati atagona."

"Zimenezo sizikutanthauza kuti..."

"Pakhondepo pali malo awiri oyera pomwe pankakhala majombo. Wakufa satenga majombo. Ndiye taona dzenje ili. Panali mtengo wa kathebulo kodyetserapo mbalame, nazi njere zamera mozungulira. Auzula bwinobwino, sanauthyole. Wina wamupititsira komwe ali kuti azionera pawindo."

Akadali chinyonyomalire, khomo la nyumba yoyandikana linatseguka. Kunatuluka mayi wachikulire wachizungu, foni ili m'manja, nafunsa chimene akufuna pakhomo pa eni. Mildred anatulutsa baji ya kuchipatala mwachangu n'kufotokoza. Mayiyo anayang'ana a Dyson, nkhope n'kumasuka. Anati Henry anagwidwa sitiroko mu Seputembala, ndipo mwana wake Joanna, amene amakhala kutali, anamupezera malo kunyumba yosamalira okalamba chakumtunda kwa ngalande.

Atafika kumeneko a Dyson sanafune kufunsa chipinda. Anayamba kuzungulira kunja kwa nyumbayo, ndipo pawindo lachitatu anakapeza kathebulo ka mbalame kaja. Mildred anachita kuwakoka mkono.

"Kuno timasaina kaye, adadi. Mukufuna atiyitanire apolisi?"

Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anawauza m'njira kuti Henry akumva zonse, koma mawu amatuluka movutikira ndipo dzanja lamanja linafa. Anati Joanna anamugulira makhadi a Khirisimasi n'kudzipereka kuti amulembere, iye n'kukana mpaka kukankhira bolopeni pansi. Palibe amene anamvetsa chifukwa chake.

"Phazi sakujambulira wina," anatero a Dyson. Mildred sanamasulire.

Pakhomo la chipindacho anavula chipewa. Henry anakhala pampando woyang'ana kuwindo, chimunthu chachitali chimene matenda anachipinda, dzanja lamanja lili pamwendo ngati chinthu chobwereka. Majombo aja anali pakona.

"Odi, Chiphonya."

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'anana nthawi yaitali. Kenako mbali imodzi ya kamwa la Henry inakwera, ndipo mawu anatuluka amodziamodzi, m'Chinyanja cha ku Malambo chimene ogwira ntchito pamalopo ankayesa kuti ndi kubwebweta kwa matenda.

"Njati... yatuluka."

A Dyson anakhala pabedi, chipewa pamawondo. "Ndafika sabata yathayi," anayamba motero, "kudzaona mwana wangayu. Ndiye ndati ndisabwerere ndisana..."

Mildred anatsokomola. Bambo ake anamuyang'ana, nayang'ana dzanja lija la Henry, nagwetsa nkhope.

"Ayi, ndikunama. Ndili ku Birmingham kuyambira 2002. Ndimalera adzukulu. Ndimaperekeza wina kusukulu, wina ndimamukankha pa pulamu. Ntchito yanga ndi imeneyo, Henry. Makhadi aja ndinkachita kutumiza kumudzi kuti uziyesa ndikadali ku Kasungu."

Henry sanadabwe. Analoza kabati ya pambali pa bedi ndi dzanja lamanzere. Mildred anatsegula napeza mpukutu wa makhadi omangidwa ndi labala, lililonse lili ndi phazi la njati m'kati. Henry anasankha la pamwamba, nalitembenuza, naika chala pa timalemba tating'ono ta kumbuyo. Mildred anawerenga, n'kuyamba kuseka mpaka anagwira khoma. Anali makhadi amene iye ankagula kuntchito chaka chilichonse, ogulitsidwa pothandiza chipatala, ndipo kumbuyo kwake analembako dzina la chipatalacho ndi Birmingham yemwe. Bambo ake ankangotenga limodzi m'kabati ya pabalaza.

"Sitampa... Kasungu," anatero Henry. Anagogoda ndi chala. "Phazi... Birmingham."

"Asanu onse?" anafunsa a Dyson.

Henry anavomera ndi mutu. "Unandiphunzitsa... ndiwe."

A Dyson anatenga khadilo nalibweretsa pafupi ndi maso. Munthu amene ankaona udzu umodzi wopindika ali pa liwiro anali asanatembenuzepo khadi kuti aone kumbuyo.

"Ndiye zaka zonsezi unkadziwa? Bwanji osanena, iwe?"

"Sitikuwa." Henry anapuma, akusonkhanitsa mawu ena. "Chalowa m'chitsamba... timadikira."

"Ukanafa ukudikira, chitsiru iwe."

"Ukanafa... ukubisala."

Mildred akuti anatuluka kukafuna tiyi amene panalibe womufuna. Atabwerera anapeza akangana kale za njovu ina ya mu 1974, wina akuti inali ya mnyanga umodzi, wina akukana ndi mutu mwamphamvu. Anatchula anzawo asanu aja mmodzimmodzi, ndi nyama zawo. Henry anali asanamve bwino za imfa ya Phineas, anangoona kuti ntchefu yasiya kubwera, ndipo a Dyson anamufotokozera zonse, matenda ake ndi amene anamuika.

Nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha, a Dyson anatulutsa envulopu ija ya Liness naipereka pamanja. Kenako anatenga limodzi mwa makhadi a Joanna, naliyala pathebulo, naligwira m'makona kuti lisasunthe.

"Dzanja linalo lilipo. Jambula."

Zinatenga nthawi. Bolopeni inkaterereka, Henry akutuluka thukuta pamphumi. Atamaliza, a Dyson anayang'ana chojambulacho mbali iyi ndi iyo.

"Iyi si njiri. Iyi ndi nkhuku yothyoka mwendo. Waphonyanso, Chiphonya."

Anati alitenge aliyike m'thumba, koma Henry analipanikiza ndi chigongono.

"Positi," anatero, nakankhira envulopu yopanda kanthu kwa mnzakeyo.

A Dyson anamvetsa. Anatenga bolopeni ija, ndipo kwa nthawi yoyamba analembera Henry adiresi yawo yeniyeni, nambala ya fulati, dzina la mdadada, Nechells, Birmingham, m'zilembo zikuluzikulu.

Khadilo linafika Loweruka. Brandon ndiye analitola pakhomo n'kulitsegula asanafunse.

"Grandad, someone's sent you a squashed spider."

"Ndi njiri imeneyo," anatero a Dyson, nalitenga, naliimika pamwamba pa TV.

Kuyambira Januwale wotsatira, Lachinayi lililonse akamusiya Brandon kusukulu ankakwera basi kupita m'tauni, n'kukwera sitima ya ku Stourbridge. Suti anasiya kuvala. Ndinkawaonera pawindo akutsika kulowera kusiteji, jekete la masiku onse, chipewa pamutu, maso pansi, Tiffany ali pa pulamu patsogolo pawo atakumbatira kathumba ka njere za mbalame.